Kabureta siifa msanga

Pakati pa Amalawi amene timadyera njinga zamoto kuno ku Chatsworth, mumzinda wa Durban, pali mawu amene amatuluka msanga pakamwa njinga ikakana kulira m'mawa. Mawuwo ndi akuti, "Kabureta yafa." Munthu akangotero, chotsatira chake n'kukankha njinga mpaka ku galaja, kapena kukwera minibasi kukagula kabureta yatsopano. Ndayendetsa scooter zaka zingapo, kuperekera anthu katundu ndi zakudya m'makomo mwawo, ndipo makabureta amene ndatsegula, anga ndi a anzanga, ndi ambiri ndithu. Mwa onsewo, amene adali akufadi ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Otsalawo adali atangotsekeka ndi litsiro, atamwa madzi, kapena adali abwinobwino koma akusenzetsedwa mlandu wa chitsulo china.

Ndalemba izi poganizira abale anga amene ali kuno, komanso alimi ndi alangizi kumudzi, pakuti kachitsulo komweka kali mu pampu ya petulo yothirira kudimba, mu jenereta, mu njinga ya kabaza ndi mu njinga imene mlangizi amayendera m'midzi. Kukula kwake kumasiyana, koma matenda ake ndi amodzi.

Amene sadafikeko ayenera kudziwa kaye kuti Chatsworth ndi malo a zitunda ndi zigwa. Boma la tsankho lidamanga malowa m'zaka za m'ma 1960 potsatira lamulo la Group Areas Act la mu 1950, n'kusamutsirako Amwenye amene lidawachotsa ku Cato Manor, Clairwood ndi madera ena a mumzinda. Kale kudali minda ya nthochi, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti nthochi zimakonda malo a chinyontho. Nyumba zidamangidwa m'mbali mwa zitunda, msewu waukulu wa Higginson Highway n'kudutsa pakati. Munthu wopereka katundu akachoka ku Bayview kulowera ku Crossmoor amakwera n'kutsika kosalekeza, kuima pa geti ili, kuzimitsa injini, kuilizanso, kukaima pa geti lina. Nyanja yamchere ili pafupi, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale mpweya umanyowa moti malaya amamatirira kumsana. Njinga imene ingabise matenda ake pamsewu wosalala wa ku Salima, kuno imaulula zonse pa chitunda choyamba.

Ku Bayview komweko kumakhala anthu otchedwa Amazanzibari, zidzukulu za akapolo omasulidwa amene adayamba kufika ku Durban mu 1873, ambiri mwa iwo Amakhuwa a kumpoto kwa Mozambique. Okalamba awo akamayankhula, Mlomwe wa ku Phalombe amatolako mawu. Tsono ife a kumtunda sitidayambe lero kufika kuno, ngakhale kuti ntchito ya pa njinga ndi yatsopano. Idakula pamene anthu adazolowera kuitanitsa zinthu pa foni, makamaka kuyambira mu 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19.

Ambiri mwa anyamata athu njinga si yawo. Amabwereka kwa mwini wake ndi kumalipira pa sabata, kaya yayenda kaya siidayende. Njinga ikagona tsiku limodzi, ndalama ya tsikulo yapita, koma lendi ya chipinda siidikira, ndipo mu Novembala foni yochokera kumudzi imalira kawirikawiri, nkhani yake feteleza. Ndalama imene ikadapita pa Mukuru imathera kwa makaniko, nthawi zambiri pa ntchito ya theka la ola imene mwini njinga akadaigwira yekha pakhonde. Amene adali kuno mu Epulo 2015, pamene alendo ankathamangitsidwa m'makomo, bwalo la masewero la ku Chatsworth n'kusanduka msasa, boma la Malawi n'kutumiza mabasi odzatenga anthu ake, amakumbukira kuti katundu adatsala m'zipinda, koma wodziwa ntchito ya manja adapita nayo ntchito yake. Ndicho chifukwa chake sindiona kukonza kabureta ngati nkhani yaing'ono.

Amene adandionetsa m'kati mwa kabureta ndi bambo wina wachikulire wachimwenye woyandikana nane, amene adagwira umakaniko moyo wake wonse. Kuno bambo aliyense wamkulu timamutchula ankolo. Tsiku lina ndidawafunsa kuti, "Ankolo, kodi kabureta yodwala mumaidziwa bwanji?" Iwo adaseka, nati, "Mwana wanga, yamba wafunsa anzake a kaburetayo. Iyoyo uzimalizira." Nzeru imeneyi ndaiona ikupulumutsa ndalama zambiri kuposa sipanala iliyonse.

Koma kuti munthu afunse bwino, ayenera kudziwa ntchito ya chinthucho. Injini siimwa petulo monga mmene ng'ombe imamwera madzi. Imafuna nkhungu ya petulo yosakanizika ndi mpweya, ndipo mpweyawo ndiwo umachuluka: mwa kulemera kwake, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kabureta ndiyo imasakaniza. Pakati pake pali khosi lopanikizika, ndipo mpweya ukamadutsa pamalo opanikizika umathamanga, ukathamanga umayamwa zimene zili pafupi. Katswiri wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi, adalongosola zimenezi mu 1797, ndipo khosilo limadziwika ndi dzina lake mpaka lero. Amene adagwirako chopopera udzudzu chakale chija, chokhala ndi kachitini kunsi, adaona kale mmene zimachitikira: mpweya umadutsa pamwamba pa kapaipi, mankhwala n'kukwera okha.

Kunsi kwa khosilo kuli kambale kosungira petulo. M'kambalemo muli choyandama, chimene amakaniko amati fuloti, ndipo petulo akadzaza kufika pa mlingo wake, choyandamacho chimakankha kasingano kamene kamatseka khomo. Petulo amakwera kupita kukhosi kudzera m'timabowo ta mkuwa totchedwa majeti. Jeti yaikulu imagwira ntchito pamene mwakoka moto kwambiri, monga pokwera chitunda. Jeti yaing'ono imagwira ntchito poliza injini ndi pamene njinga ikulira yokha itaima. Kabowo ka jeti yaing'onoyi n'kochepa kuposa nsonga ya singano yosokera, ndipo kanthu kakang'ono ngati kambewu ka fodya kakhoza kuitseka. Ndinganene mosakayika kuti matenda ambiri a kabureta amabadwira pa kabowo kameneka.

Scooter zambiri zotsika mtengo kuno, monga Big Boy, Gomoto ndi Jonway, zili ndi injini ya mtundu umodzi yotchedwa GY6, ya 125cc kapena 150cc, kotero wodziwa imodzi wadziwa zonse. Kabureta yake ili ndi zinthu ziwiri zimene njinga zambiri za kabaza zilibe. Choyamba ndi kachikopa ka labala kozungulira, kamene kali pansi pa chivundikiro cha pamwamba, kamene kamakweza singano yaitali mpweya ukayamwa. Chachiwiri ndi choke yamagetsi imene imadzitsegula ndi kudzitseka yokha. Ndidzabwererako ku zimenezi.

Anzake a kabureta amene ankolo ankanena aja ndi petulo, moto ndi mpweya. Zimaseketsa, koma ndaonapo anthu akuluakulu akumasula njinga imene vuto lake lidali thanki youma, geji itanama. Petulo akakhalamo, onani ngati akufika. Pa scooter zambiri mpopi wa petulo umatsegulidwa ndi kuyamwa kwa injini kudzera pa kapaipi kena kochepa. Zulani paipi ya petulo pa kabureta, ilozetseni m'botolo, ndipo lizani injini pang'ono. Petulo ayenera kutuluka mwamphamvu. Akamangodontha, vuto lili pa mpopi, pa sefa ya petulo kapena pa kapaipi koyamwira kang'ambika. Kenaka masulani pulagi, ivekeni chipewa chake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi pamene patayikira petulo, ndipo lizaninso. Moto uyenera kuthetheka wobiriwira. Musaiwale kuti scooter siilira pa batani popanda kugwira buleki, ndipo zina sizilira mwendo wa m'mbali uli pansi. Pomaliza tsegulani bokosi la sefa ya mpweya. Sefa yodzaza fumbi imatsamwitsa injini monga mmene chimfine chimatsekera mphuno, ndipo m'misewu ya fumbi ya kwathu imadzaza msanga kuposa kuno.

Pulagi mukaimasula musaibwezere musanaiyang'ane nkhope, chifukwa ndiyo mboni yoona zonse zochitika m'kati. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, kusakaniza kuli bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka: njinga yotere imamwa kwambiri, imatulutsa utsi wakuda, imanunkha petulo ndipo imalemera poyenda. Ikakhala yotuwa ngati phulusa, petulo akuchepa ndipo mpweya ukuchuluka. Mwa matenda awiriwa, wachiwiriyu ndiye woopsa, ngakhale kuti anyamata ena amamukonda poti njinga imaoneka ngati ikusunga petulo. Injini yochepekedwa petulo imatentha mopitirira, ndipo pa zitunda ngati za kuno ikhoza kupsereza mavalavu kapena kubowola pisitoni. Pulagi yakuda koma yonyowa ndi oyilo ndi nkhani ina. Pamenepo injini yatha m'kati ndipo kabureta ilibe mlandu.

Khutu nalo limathandiza. Njinga imene imalira mukakoka moto koma imazima mukangousiya, jeti yaing'ono yatsekeka. Imene imalira bwino itaima koma imatsamwa mukafuna kuthamanga, yang'anani jeti yaikulu, sefa ya petulo kapena kachikopa ka labala kaja. Imene imapitiriza kulira mokweza mutasiya moto, n'kumatsika mochedwa, ikuba mpweya penapake. Imene imadontheza petulo pansi itaima, kasingano ka choyandama sikakutseka.

Musanamasule chilichonse, pali mankhwala amodzi aulere. Kunsi kwa kambale kuli screw yotayira petulo. Ikani botolo loonekera m'kati pa kapaipi kake, masulani pang'ono, ndipo onani zimene zituluke. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amakhala pansi ngati timikanda. Timikanda timeneti ndito timayamba kuyamwidwa ndi jeti, injini n'kumatsokomola. Madzi amalowa pa chivundikiro cha thanki chotha labala, potsuka njinga ndi paipi, komanso pa chinyontho chimene chimasanduka mame m'thanki yopanda kanthu usiku. N'chifukwa chake thanki yodzaza imasunga bwino kuposa ya theka. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene adapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal, adasiya njinga zambiri zitamira m'matope. Masabata otsatira tidali kutsanula makabureta ndi mathanki m'makonde, ndipo zambiri zidadzuka. Zimene zidafa ndi zimene eni ake adathamangira kuziliza madzi akadali m'injini. Madzi sapanikizika, ndiye chitsulo ndicho chimapindika.

Kwathu nkhani ya madzi ili ndi mbali ina. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene idayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, kenaka n'kuwonjezeka ndi ya ku Chikwawa. Zimenezi zathandiza dziko kusunga ndalama zakunja, koma ethanol amakoka chinyontho, tsono petulo wotere safuna kukhalitsa m'thanki kapena m'chigubu chosatseka bwino. Onjezani apo petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, amene anthu amadalira kumudzi ndi m'nyengo za kusowa kwa mafuta monga mu 2011 ndi 2022. Wogulitsa akhoza kukhala wachilungamo, koma chigubu chake chadutsa m'manja ambiri. Kusefa ndi nsalu yoyera pothira, ndi kuika kasefa ka pulasitiki pa paipi ya petulo, kumateteza jeti kuposa kuitsuka mwezi ndi mwezi.

Zonsezi zikalephera, ndiye nthawi yotsegula yakwana. Pano ndiyenera kunena mawu olimba. Ambiri mwa ife timakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni, kapena m'zisakasa za malata ndi matabwa zothithikana, mmene chophikira, bedi ndi njinga zimagona pamodzi poopa akuba. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi mosaoneka mpaka kukapeza mbaula, kandulo kapena ndudu. Ntchito iyi igwiridwe panja, masana, injini itazizira, ana ali kutali, ndipo wosuta akasutire kwina ngakhale akhale mkulu wanu. Petulo asayamwidwe ndi pakamwa. Moto wa m'zisakasa za ku Durban sutentha nyumba imodzi.

Zida zake n'zochepa: sikuludiraiva ya mtanda ndi yaphwatalala, sipanala ya 8 ndi ya 10, pulayala, mswachi wakale, nsalu yoyera yoyala pansi, ndi chitini cha mankhwala opopera otsukira kabureta. Foni nayo ndi chida. Jambulani mapaipi ndi mawaya musanazule, chifukwa pobwezera onse amaoneka ofanana. Pa scooter mumachotsa bokosi la pansi pa mpando, kabureta n'kuonekera. Tayani petulo wa m'kambale, zulani paipi ya petulo, waya wa choke ndi chingwe cha moto, masulani zomangira ziwiri, ndipo igwedezeni pang'onopang'ono mpaka itatuluka. Tsekani ndi nsalu khomo lolowera m'injini. Ma screw a kambale ndi ofewa ndipo amaphwanyika mitu msanga; kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu musanapotokole.

Kambale kakatseguka, mumaona mbiri yonse ya njingayo. Dzimbiri lofiira likunena za thanki, mchenga ukunena za kumene petulo adagulidwa, zoyera ngati ufa zikunena za madzi, ndipo utomoni wobiriwira kapena wachikasu ukunena kuti njinga idagona nthawi yaitali petulo ali m'kati. Masulani majeti awiri aja ndi sikuludiraiva yokwana bwino, pakuti mkuwa suchedwa kuphwanyika. Yang'anirani jeti iliyonse kudzuwa. Yaikulu imaonetsa kuwala mosavuta. Yaing'ono imaonetsa kadontho kochepa kwambiri, ndipo m'mbali mwake muli timabowo tina timene anthu amaiwala. Ipopereni mankhwala, isiyeni inyowe, ipopereninso. Ikakana, lowetsani kaulusi kamodzi ka waya wofewa wa mkuwa kapena ka mswachi, modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnyamata wina wa kwathu ku Balaka adatopa ndi kudikira, natenga singano yosokera n'kubowola jeti yake. Njinga idalira, iye n'kusangalala. Patapita sabata adayamba kudandaula kuti petulo akutha ngati akutayikira, pulagi ikuda tsiku lililonse. Kabowo kadali katakula, ndipo kabowo kakakula sikabwerera. Mwayi wake jeti imagulitsidwa payokha pa mtengo wochepa, ndipo pa iyo pamalembedwa nambala, ndidamuuza kuti, "Achimwene, pitani nayo yakaleyo ku shopu, akupatseni ya nambala yomweyo."

Majeti akayera, poperani mankhwala m'njira zonse za m'thupi la kabureta ndipo onetsetsani kuti akutulukira mbali ina. Tetezani maso, chifukwa amabwerera kunkhope. Koma musanapopere chotsani zonse za labala, makamaka kachikopa ka pamwamba kaja, popeza mankhwalawa amakatupitsa ndi kukaumitsa. Katulutseni mosamala pamodzi ndi sipuling'i yake, kayang'anireni kudzuwa ndi kukakoka pang'ono. Kabowo ngakhale kochepetsetsa kamalepheretsa singano kukwera, ndipo njinga imakana kuthamanga ngakhale mukoke moto mpaka kumapeto. Pobwezera, mlomo wake ukhale bwino mu mzere wake, usapanidwe ndi chivundikiro. Choyandama chigwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva petulo m'kati, chabooka. Kasingano kake kali ndi nsonga ya labala, ndipo ikadyeka n'kupanga mkombero, sikatsekanso. Pamsewu, kabureta ikayamba kusefukira, kugogoda kambale ndi chogwirira cha sikuludiraiva nthawi zina kumamasula kasinganoko mpaka mukafike kunyumba.

Pali chigawenga china chimene chimanamizira kabureta kuposa onse. Pakati pa kabureta ndi injini pali chigongono cha labala. Ndi kutentha ndi kugwedezeka chimang'ambika, kawirikawiri kunsi kumene diso silifika, ndipo injini imayamwa mpweya wosadutsa mu kabureta. Munthu amatsuka kabureta katatu, amagula yatsopano, matenda osasintha. Kabureta ili panja, pindani chigongonocho ndi zala uku mukuunika. Mng'alu ukaoneka, gulani china. Zomatira zimagwira masiku ochepa chabe. Mavalavu nawo amanama chimodzimodzi. Pa GY6 mpata wake umachepa ndi nthawi, njinga n'kumavuta kulira m'mawa. Mpatawo ndi wa pafupifupi 0.1 mm injini ili yozizira, ndipo umafuna geji yake yoyezera. Amene alibe gejiyo, apa ndi poyenera kupita kwa makaniko.

Choke yamagetsi ija imagwira ntchito mosiyana ndi mmene ambiri amaganizira. Ikazizira imakhala yotsegula, kupereka petulo wowonjezera. Injini ikalira, magetsi amatenthetsa phula la m'kati mwake, phulalo n'kukankha kasingano kutseka njira. Ikafa ili yotsegula, njinga imalira bwino m'mawa koma ikatentha imalemera ndi kumwa petulo. Kuiyesa n'kosavuta: itulutseni, yezani kutalika kwa kasingano, ilumikizeni ku batire mphindi zisanu, ndipo yezaninso. Kayenera kutalika ndi mamilimita atatu kapena anayi. Kakapanda kusuntha, gulani choke yokha.

Chomaliza kukhudza ndi ma screw awiri osinthira, ngakhale kuti ndiwo amene dzanja limathamangirako poyamba. Ina ili ndi sipuling'i yoonekera, ndipo imangokweza kapena kutsitsa kulira kwa injini. Inayo, yobisika m'mbali, imasintha kuchuluka kwa petulo wa jeti yaing'ono. Musanaichotse ipotokoleni kulowa m'kati modekha mpaka itagunda, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo lembani. Osaimanga mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Ngati wina adaisokoneza kale, yambirani pa kuzungulira kawiri kutuluka. Tenthetsani injini mphindi khumi, njinga ili pa mwendo wapakati, kenaka sunthani screw pang'onopang'ono uku ndi uku mpaka pamene injini ikulira mosalala ndi mokweza, ndipo tsitsani kulirako ndi screw inayo mpaka tayala lakumbuyo litaleka kuzungulira. Sinthani chinthu chimodzi, yendani, mverani, kenaka china. Wosintha zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chachiza kapena chimene chapha.

Kukwera kwa malo nakonso kumalowapo. Durban ali m'mphepete mwa nyanja, pamene Johannesburg ali pa mamita pafupifupi 1,750. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, tsono njinga yokonzedwera ku Johannesburg ikatsikira kuno imachepekedwa petulo, ndipo yochoka kuno kupita kumeneko imachulukidwa. Anzathu amene amagula scooter zogwiritsidwapo ntchito kuchokera ku Gauteng ayenera kuyang'ana pulagi sabata yoyamba. Chimodzimodzi kwathu: njinga ya mlangizi wosamutsidwa kuchoka ku Nsanje kupita ku Dedza ikayamba kuda pulagi, mwina siikudwala, yangosintha mpweya.

Kwa alimi a mthirira, nthawi yoopsa ya pampu si pamene ikugwira ntchito, koma pamene yapuma. Mvula ikayamba, pampu imaikidwa m'nyumba mpaka Meyi kapena Juni petulo ali m'kambale. Petuloyo amauma, utomoni n'kutsala m'jeti, ndipo tsiku lofuna kuthirira mbewu zoyamba gulu lonse limakoka chingwe mpaka mapewa kuwawa, kenaka n'kusonkha ndalama zoitanira makaniko wa kuboma. Posunga pampu, tsekani mpopi wa petulo injini ikulira, isiyeni izime yokha, masulani bawuti ya kunsi kwa kambale kuti otsala atuluke, ndipo tsanulani thanki. Kalabu iliyonse yokhala ndi pampu ikadakhala ndi anthu awiri odziwa kutsegula kambale, ndipo sindiona chifukwa choti mmodzi wa iwo asakhale mayi. Zala zozolowera kusankha mpunga zimagwira jeti bwino kuposa zathu. Majenereta a kuno, amene adachuluka m'zaka za kuzimazima kwa magetsi, makamaka mu 2022 ndi 2023, tsopano ambiri akugona m'magalaja ndi matenda omwewo.

Si njinga iliyonse imene ili ndi kabureta masiku ano. Zatsopano zambiri, makamaka zodula, zimapopera petulo ndi pampu yamagetsi yolamulidwa ndi kakompyuta, ndipo zimenezo sizifuna sikuludiraiva ya pakhonde. Mukatsegula pansi pa mpando n'kupeza mawaya ambiri popanda kambale, tsekani ndi kupita kwa odziwa. Kabureta nayo ili ndi malire ake. Thupi likang'ambika, mazinga a ma screw akatha, kapena kamtengo ka chitseko cha mpweya kakayamba kugwedera, yafadi, ndipo kugula ina si kutaya ndalama. Pogula tengani yakaleyo, yerekezani kukula kwa khosi ndi pulagi ya waya wa choke, ndipo musataye majeti akale, chifukwa yatsopano nthawi zina imabwera ndi manambala osiyana ndi amene injini yanu idazolowera.